Mapazi a agogo ndi notsi zanga za pharmacology

Holide ino ndabwera kumudzi kwa Bembeke ndi notsi zanga za pharmacology, phunziro la mankhwala, poti mayeso ayandikira, ndiye mutu umene wandigwira ndi wa neuropathic pain, ululu wochokera m'mitsempha. Vuto ndi loti kwa ife mtsempha ndi mtsempha basi, wa magazi ndi wonyamula mauthenga dzina ndi limodzi, ndiye pofotokozera agogo ndimangoti mawaya a m'thupi.

Agogowo ali ndi shuga kuyambira kalekale. Kuzizira kwa ku Dedza mu June mukukudziwa inu, koma iwo amagona mapazi ali kunja kwa bulangete, akuti likangowakhudza zimakhala ngati wawathira makala, masana ndiye dzanzi, mwina ngati nyerere zikuyenda. Ine ndinkangoti ndi ukalamba. Panado amamwa ngati mtedza koma olo kusintha. Pano ndamvetsa, panado ndi brufen amathandiza pakakhala bala kapena chotupa, pomwe apa phazi lilibe bala, wawonongeka ndi waya weniweniyo chifukwa cha shuga ndipo ukungotumiza uthenga wabodza ku ubongo. Si shuga yekha ayi, mashingozi amatero, HIV, ma ARV akale aja a stavudine, ngakhale isoniazid wa TB, nchifukwa chake amapereka limodzi ndi vitamin B6.

Chondiseketsa nchoti mankhwala omwe tikuloweza ndi obwereka. Amitriptyline anapangira matenda a nkhawa ndi kukhumudwa, gabapentin anapangira khunyu. Ena amawathandiza ena ayi, kuonjezera apo tulo, chizungulire ndi kuuma kukamwa.

Koma za tsabola ndiye zandidabwitsa heavy. Chimene chimawawa mu tsabola, capsaicin, anachiika pa pulasitala ya 8 peresenti, amamata kumapazi mphindi 30 ndipo timitsempha ta pakhungu timakhala chete mpaka miyezi itatu. David Julius, amene anatulukira kachitseko kamene capsaicin amagogoda pa mtsempha, analandira Nobel mu 2021. Nditawauza agogo anati nanga kambuzi uja ali kudimbayu? Ndawaletsa, chonde nanunso musayese, ija amamata akuchipatala atavala magolovesi.

Ina ndi ya ku Pakistan. Mu 2006 ofufuza anafotokoza za mabanja amene ana ake samva kuwawa chibadwire, mnyamata wina ankachita kuyenda pa makala a moto anthu akuonerera. Anapeza kuti kanjira ka sodium ka pa mtsempha kotchedwa Nav1.7, kamene kamathandiza kutumiza uthenga wa ululu, sikagwira ntchito mwa iwo. Makampani anathamangira kupanga mankhwala otseka kanjirako koma ambiri anakanika poyesa pa anthu. Mu January 2025 a FDA, bungwe loona za mankhwala ku America, anavomereza mankhwala otchedwa suzetrigine, wotseka kanjira kena, Nav1.8, ndipo sali m'gulu la morphine. Anamuvomereza pa ululu wa kanthawi ngati wa pambuyo pa opaleshoni, za odwala shuga anapitiriza kumuyesa.

Chikundinyansa ine nchoti zonsezi zikungotseka waya pakamwa, sizikuukonza. Mtsempha wa m'manja kapena m'miyendo ukaduka umamera pafupifupi milimita imodzi patsiku, werengerani nokha kuchoka pa bondo kukafika chala.

Pakadali pano agogo ndikumawayang'ana mapazi madzulo aliwonse ndi tochi ya foni. Dzulo ndapeza kamunga kuchidendene, akuti sanakamve nkomwe, ndipo anali atayenda nako kuchokera kutchalitchi.