Usiku umene sitinagone pa ulendo wa kwa makolo anzathu

Inu a m'gulu lathu la makolo a ana odwala matenda a magazi a sickle cell amene munatsala mwakhala mukufunsa kuti ulendo wokacheza ndi gulu linzathu unayenda bwanji, ndipo ife amene tinapita aliyense akufotokoza zake, makamaka za usiku uja. Ndati ndilembe kuti nkhani ikhale imodzi.

Tinanyamuka mochedwa chifukwa amayi a mpando anakaniratu kuti galimoto isunthe asanaone ndi maso awo kuti mwana aliyense ali ndi juzi, botolo la madzi ndi mankhwala ake. A msungichuma anadandaula za nthawi monga mwa masiku onse, koma palibe mwana amene ululu unamuyamba panjira. Anzathuwo anatilandira ndi nsangala, ndipo amayi ndi ana tinagona m'chipinda chimodzi chachikulu.

Mkonono wa mnyamata wa asisi athu oyambitsa nyimbo tonse timaudziwa. Akagona pamiyendo pa mayi ake pamsonkhano timangomwetulira. Koma kuumva usiku wonse ndi nkhani ina. Umakwera, umakwera, kenako zii. Chifuwa chikukoka koma mpweya osalowa. Ndiye mwana n'kudzidzimuka ngati wovuuka m'madzi, n'kuyambiranso. Kukamwa kuli yasa, khosi atalipindira kumbuyo, thukuta lili kamukamu. Agogo anadzuka n'kukhala tsonga, ine ndinadzuka, ena anatsatira.

Mayi wina wa gulu lotilandira anabwera ndi tochi n'kufunsa motsitsa mawu: "Asisi, kodi mwanayu amatere masiku onse?" Asisi athu sizinawakomere. "Mayi, mwana wanga amagona tulo tofa nato kuposa ana onse muno. Bambo ake nawo amaliza mkonono, ndi zakumtundu." Zikanathera pomwepo, koma wina mwa ife anaponyapo kuti paja mnyamatayo wabwereza kalasi ndipo aphunzitsi amati ndi waulesi, amangosinza. Mawu amenewo anabaya. Asisi anayamba kulongedza katundu usiku womwewo, misozi ili mbwembwembwe, akuti sanabwere kudzanyozetsa mwana wawo pamaso pa alendo. Mawu anakwera, ana ena anadzuka n'kumalira. Anazimitsa motowo ndi agogo. Anawagwira dzanja nati: "Mwanawe, khala pansi. Mdzukulu wanga ndi wamkulu kuposa wakoyu koma amakodzabe pogona, ndipo onsewa akudziwa. Muno mulibe wa manyazi." Asisi anakhala. Patapita nthawi anatulutsa foni yawo okha n'kujambula mwana wawo akubanika, kuti akaonetse anamwino.

M'mawa anamwino amene amathandiza gulu lija anatiphunzitsa. Maselo ofiira a m'magazi a mwana wa sickle cell amakhala masiku 10 mpaka 20 okha pamene a ena amafika masiku 120, choncho magazi ake amanyamula okosijeni wochepa kale. Ambiri mwa anawa amatupa ma tonsils ndi ma adenoids (tinyama ta kukhosi ndi kuseri kwa mphuno), ndipo akagona njira ya mpweya imapanikizika, okosijeni n'kutsikiratu. Ubongo ndi umene umavutika: mwana amaiwala, amachedwa kugwira zinthu, maganizo sakhala pamodzi m'kalasi. Palinso sitiroko yosaonekera kunja, imene imapezeka mwa mwana mmodzi pa atatu alionse a sickle cell asanafike zaka 18, ndipo chizindikiro chake nthawi zambiri ndi kutsika kwa maphunziro basi. Mwana wa zaka 6 mpaka 12 amafunika maola 9 mpaka 12 a tulo. Kumene kuli makina a TCD, oyeza kayendedwe ka magazi m'mutu, ana a sickle cell a zaka 2 mpaka 16 ayenera kuunikidwa mitsempha ya m'mutu chaka chilichonse.

Pa za kukodza pogona panabukanso mkangano. Bambo a mapasa anati iwo amaletsa ana kumwa madzi dzuwa likapendeka. Anamwino anapukusa mutu: impso za anawa zimalephera kusunga madzi, n'chifukwa chake mkodzo umachuluka, ndipo kumana mwana madzi kungayambitse ululu. Amwe mokwanira tsiku lonse, akodze asanagone, ndipo asamenyedwe kapena kusekedwa. Bambowo anatsutsa pang'ono, kenako anapempha cholembera.

Ine chimene chikundiwawa mpaka lero ndi mawu aja akuti waulesi. Ndi ana athu angati amene akalipiridwa kusukulu ndi kunyumba komwe, pamene usiku wonse amalimbana ndi mpweya ife tili mtulo? Kuchipatala timanena za ululu, za chikasu m'maso, za kutentha thupi. Za tulo sitinena chifukwa satifunsa, ndipo ifenso tinkaona ngati si matenda.

Zikomo amayi a tochi, amene munalimba mtima kufunsa. Zikomo agogo. Zikomo adalaivala, amene munaima paliponse pamene mwana anapempha osang'ung'udza. A msungichuma, ndalama zinakwana monga munalonjezera, ulemu wanu. Ndipo asisi athu, amene pobwerera munayambitsa nyimbo ndi mawu osasa chifukwa cha kulira, tikukunyadirani. Mnyamata wathu wapatsidwa tsiku lokaonana ndi dokotala wa khosi ndi mphuno.

Tinagwirizana kuti aliyense akhale ndi kope lolembamo nthawi imene mwana wagona, ngati waliza mkonono, wabanika, wadzuka ndi ululu kapena mutu, komanso zimene aphunzitsi akunena. Makopewo mubwere nawo pamsonkhano wotsatira, ndipo amene munatsala amayi a mpando akuonetsani kalembedwe kake.