Nkhwazi ya mlombwa yomwe inagona miyezi isanu ndi umodzi

Lolemba tinatsitsa pa shelefu nkhwazi ya mlombwa yomwe inasiyidwa mu Epulo itangogobedwa ndi kasemasema: mutu, chifuwa ndi mapiko zikuoneka, miyendo ikadali chipika chimodzi. Chosema chogonera chonchi sitimangofikira kuchisema. Mtengo wauma ndi dzuwa la Okutobala la kuno ku Lilongwe, walimba, ndipo tchizulo yomwe kale inkalowa mofewa tsopano imathothola m'malo modula.

Tsiku lonse linatha ndi kuyang'ana basi. Kunsi kwa mchira kunapezeka mng'alu wa masentimita 4. Kumeneko ndi kumapeto kwa chipika, ndipo mtengo umataya madzi msanga kumapeto kuposa m'mbali: kunja kumafota mkati mukadali chinyezi, kenako kumang'ambika. Kukanapakidwa phula la kandulo kapena penti pousiya, sibwenzi zitatero. Pa phiko lamanja panatsala kachigawo koyera ka kunja kwa mtengo, ndipo kanali katafumbwa, timabowo ndi ufa. Tizilombo timakonda gawo loyeralo, mtima wofiirira sitiukhudza kwenikweni. Tinakasema konse, phiko linachepa pang'ono, ndiye linzake nalo tinalichepetsa kuti afanane.

Lachiwiri kunali kujambulanso ndi pensulo mzere wapakati, kuchokera kunsonga ya mlomo mpaka kumchira. Wakale unali utafufutika, ndipo popanda mzerewu diso limodzi limakwera, mutu n'kupendekeka. Ophunzira athu a zosemasema ananola zitsulo pa nolo wothira mafuta pang'ono, kupendeketsa madigiri pafupifupi 25, n'kumalizira pa lamba wachikopa.

Mng'alu tinautseka Lachitatu ndi utuchi wosalala wa mlombwa womwewo wosakaniza ndi guluu wa matabwa, kuulowetsa ndi nsonga ya mpeni mpaka utadzaza, n'kuusiya maola 24. Osaupana mwamphamvu kuti utsekeke, umakatsegukira pena. Guluu wosefukira mumupukute ndi kansalu konyowa akadali wofewa, chifukwa akauma samwa polishi, pamatsala banga loyera.

Nthenga ndizo zinadya Lachinayi lonse. Timayambira kumchira kukwera kumutu, monga pofolera nyumba ya udzu, kuti nthenga yapamwamba izigonera yapansi. Pachifuwa ulusi wa mtengo, timizere ta m'kati mwake, umatembenuka. Tchizulo ikayamba kunyamula zibenthu, tembenuzani mbalameyo mudulire mbali inayo, osaonjezera mphamvu. Mlomo ndiwo woopsa. Kukhota kwake kumadutsa ulusi mopingasa, choncho timausiya wonenepa mpaka kumapeto. Ophunzira amayesera kaye pa malaina, mtengo wofewa komanso wosavuta kuupeza, ndipo mmodzi anathyola nsonga ya mlomo n'kufunsa kuti, "Aphunzitsi, timate?" Ayi. Kansonga komata sikachedwa kuthothoka. Tinangosema mlomo wonse kuti ufupike.

Lachisanu kunali sandipepa: wokhakhala wa nambala 80 pamsana ndi pachifuwa pomwe palibe nthenga zosema, kenako wosalala wa nambala 120 ndi 220 paliponse. Mukakwecha, tchizulo isabwererenso pamenepo, mchenga wotsalira umaibunthitsa. Tinapaka polishi wa nsapato wopanda mtundu kawiri, n'kupukuta ndi burashi. Ena amadetsa mlombwa ndi polishi wakuda kuti uoneke ngati phingo, koma wogula wodziwa amangonyamula n'kumva kupepuka kwake. Phingo weniweni ndi wolemera kwambiri, ndipo kuyambira 2017 malonda ake otuluka kunja amayang'aniridwa pansi pa CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zomwe zili pachiopsezo.

Miyendo yatsalira sabata yamawa. Pakati pake tisiyapo nsomba yogwidwa m'zikhadabo, kuti miyendo iwiriyo ikhale yolumikizana, isathyoke.