Bondo langa la kumanja: kuchokera pa kuthowa mpaka ku fiyeta

Linayamba ngati zocheza. M'mawa ndikati nditsike pabedi, bondo la kumanja linkauma gwa, koma ndikasesa pakhomo pang'ono linkamasuka. Ululu weniweni unkabwera madzulo pochokera kumunda, ndipo podzuka pamkeka ndinkayamba ndagwira khoma.

Ndinachita zomwe tonse timachita: kuthowa ndi kansalu ka madzi otentha, kupaka mankhwala, kumwa Panado. Alamu anga ananditengera kwa sing'anga yemwe ananditema mphini kuzungulira bondo lonse. Zipsera zilipo mpaka lero, koma ululu sunasunthe. Chomwe chinatsala pang'ono kundipweteka ndi Indocid wogula ndekha. Ndinkamwa m'mimba mulibe kanthu, miyezi ingapo, mpaka chilungulira chinandiletsa tulo. Kuchipatala anandiuza kuti mankhwala amenewa, monganso Brufen ndi diclofenac, amaboola zilonda m'mimba ndi kuwononga impso, makamaka kwa ife a BP.

Pa chipatala cha boma, adokotala a mafupa sanathamangire kujambula. Anayamba ndi mafunso. "Mayi, m'mawa limauma nthawi yaitali bwanji?" Ndinati madzi a tiyi asanawire limakhala litamasuka. Anagwedeza mutu. Akuti kuuma kosapitirira mphindi 30 kumaloza ku kuperepeseka kwa chicherewecherewe, kamnofu koterera kamene kamakuta nsonga za mafupa. Kukanakhala kopitirira ola, zala za manja onse awiri zitatupa, akanaganizira nyamakazi ina yofuna kuyeza magazi. Anayang'ananso chala chachikulu cha kuphazi, poti gauti, mtundu winanso wa nyamakazi, imakonda kuyambira pamenepo. Ndiye anandichenjeza: bondo likatupa mwadzidzidzi, n'kutentha, thupinso n'kutentha, osagona nalo kunyumba, chifukwa mwina mwalowa mafinya.

X-ray anandijambula ndili chiimirire, kuti thupi lilemere pabondopo. Pachithunzi anandilozera ndi cholembera: mbali ya kunja mpata ulipo, mbali ya mkati mafupa akugundana.

Ine ndimati basi, opaleshoni. Iwo ananditumiza ku mafizo, kolimbitsa ziwalo. Ndinakhumudwa, ndisaname. Kugona chagada, kuwongola mwendo, kuukweza pang'ono, kuwerenga mpaka 10, kuutsitsa: ameneyu mankhwala? Komatu nyama ya pantchafu ndiyo imanyamula bondo, ndipo yanga inali itafota. Anandiuzanso kuti kilogalamu imodzi ikachoka m'thupi, bondo limapepukidwa pafupifupi makilogalamu 4 pa sitepe iliyonse. Ndinachotsa chipande chimodzi cha nsima, shuga wa mu tiyi ndinachepetsa. Ndodo ndinkagwirira kumanja, kodwalako, anandisinthira kumanzere. Zimenezi zinandisunga zaka 2. Jakisoni wa m'bondo anandipatsa mpumulo wa miyezi iwiri, wachiwiri sanathe ndi mwezi womwe, ndipo anati si wobaya pafupipafupi.

Bondo litayamba kundidzutsa usiku, mwendo n'kupindikira kunja ngati uta, ananditumiza ku chipatala chachikulu kukachitidwa opaleshoni yoika bondo lachitsulo. Kumeneko n'kudikira, ndipo kabuku ka kuchipatala muzikasunga ngati ndalama. Anayeza kuchuluka kwa magazi, shuga, BP ndi mtima. Dzino langa lobowoka analamula kuti lithandizidwe kaye, poti tizilombo ta m'kamwa titha kuyenda m'magazi n'kukakhala pachitsulo.

Ku fiyeta sanandigonetse tulo. Anandibaya pamsana, kuyambira m'chiuno kutsika mmunsi kunachita dzanzi. Maso ananditchinga ndi nsalu, koma makutu ayi: ndinamva kulira kwa sowo ndi kugogoda ngati kwa akalipentala. Amasenga nsonga zoperepeseka za mafupa, n'kuvekapo chitsulo, pakati n'kuikapo pulasitiki yolimba. Sipanathe maola 2.

M'mawa mwake wa mafizo anali pabedi panga. "Agogo, tiyeni tiime." Ndinkaona ngati mwanayo alibe chisoni. Mwana wanga wamkazi, yemwe anali gadiyani, anatuluka panja kuti asaone misozi yanga. Koma bondo losapindidwa m'masabata oyambirira limauma, ndipo kugona kwambiri kumaundanitsa magazi m'mitsempha ya mwendo. Tsiku lililonse ankayeza kuti lapinda bwanji, kufuna madigiri 90 kuti ndizitha kukhala pampando. Ulusi anachotsa patatha masabata 2. Ndodo ziwiri ndinayenda nazo masabata 6.

Chimene sindinachiganizire ndi chimbudzi. Chathu ndi chokumba, ndipo bondo lachitsulo silifuna kunjuta. Mkamwini wanga anatenga mpando wakale, n'kuuboola pakati, n'kuukhazika pabowo. Konzani zimenezi musanapite, osati mutabwera.

Kugwada nakonso kunatha. Pamaliro ndimapempha mpando, anthu ena n'kumandiyang'ana ngati wamwano, mpaka nditakweza chitenje pang'ono kuwaonetsa chipsera chotsika pakati pa mphini za sing'anga uja.