Pansi pamitundu itatu m'nyumba imodzi ku Chilenje

Pa foni kontrakitala anati ndi kuika matailosi pa masikweya mita 48, ntchito ya masiku anayi, m'nyumba yakale ya khonsolo ku Chilenje, mu Lusaka, imene eni ake awonjezerako khitchini ndi chipinda chodyera. Chimene sanandiuze n'choti pansipo ndi pamitundu itatu.

Pabalaza ndi simenti yofiira ija, yakhala ikumwa polishi kuyambira agogo a m'nyumbamo ali mtsikana. Nditawazapo madzi anangoima timadontho, osalowa. Guluu sangagwire pamenepo. M'kolido munali timatabwa ta parquet, titatizula panatsala phula lakuda lokhalokha. Lolemba ndi Lachiwiri zinathera pomwepo. Magetsi kulibe, giraindala ili khale pakona, ine ndi mnyamata wanga tikungogogoda ndi hamala mpaka matuza m'manja.

Chandipsetsa mtima ndi Lachitatu. Konkire ya mbali yatsopano inali ndi masiku 9 okha chiithirireni, komanso yatsika mamilimita 25 poyerekeza ndi yakale. Lachiwiri madzulo ndinayala pulasitiki pakati pa khitchini, n'kumata tepi m'mbali monse, kuti ndione ngati konkireyo yauma. M'mawa kuvundukula, kunsi kuli thukuta, simenti yada bii. Ndinaitana kontrakitala kuti adzaone ndi maso ake.

"Achimwene, ndi Okutobala uno, pofika masana pauma. Sitepuyo mungochulutsapo guluu, ithera pomwepo."

Munthu womanga nyumba za anthu kulankhula choncho! Ndi wophunzira ntchito yemwe amadziwa kuti konkire imafuna masiku 28, ndipo ikamauma imafota. Yakale inakhazikika kalekale, yatsopano ikadayenda. Tailosi yodutsa pamene ziwirizi zakumana imang'aluka motsata mzere womwewo, ngati wachita kujambula ndi rula. Sitepu timaithetsa ndi sikilidi, simenti yosakaniza ndi mchenga yosalazira pansi, nayonso n'kuidikira iume. Ndiye guluu amene anakagula ku Kamwala ndi wotchipa uja wa matailosi wamba, pamene awa ndi porcelain a masentimita 60 kwa 60, osamwa madzi.

Amayi a m'nyumbamo anali pakhomo kumvetsera. "Bambo, ine mzere pakati pa nyumba sindiufuna." Ndinagwada, n'kuyala matailosi anayi popanda guluu, kuwaonetsa kuti mpata wa girauti, uja timasiya pakati pa matailosi, ugwera pamalumikiziro penipeni, ndipo muikidwa silikoni wa mtundu womwewo, mlendo sangazindikire. Anagwedeza mutu, anamva. Koma kontrakitala anali atawalonjeza kale kuti Loweruka, tsiku la kitchen party ya mwana wawo, zonse zikhala zitatha, ndalama atadyeratu. Pansi pakadzayamba kulira ngati ng'oma iye sadzatchulidwa. Adzafunsa kuti anaika matailosi ndani.

Ndinakana. Lachinayi ndi Lachisanu tinaika pabalaza ndi m'kolido, masikweya mita 22, n'kuima pamzere. Zinayenda bwino, kupatula bokosi limodzi lomwe linabwera losiyana mtundu pang'ono, tinalibisa kumene kukhale sofa. Anandipatsa theka la ndalama, nkhope ili ndwii.

Loweruka m'mawa mnyamata wanga anandiimbira. "Abwana, abweretsa munthu wina usiku, waika khitchini yonse ndi tochi ya foni." Lolemba ndikupita kukatenga levulo yanga ndi katala.