Kusiyanitsa Foni, Tabuleti ndi Laputopu

Anthu ambiri amasiyanitsa foni, tabuleti ndi laputopu poyang'ana kukula kwa sikirini, koma ine ndimaona kuti chimene chimalekanitsa zipangizozi kwenikweni ndi pulogalamu yaikulu imene imaziyendetsa komanso ntchito imene zinapangidwira.

Laputopu ndi kompyuta yathunthu, ndipo kawirikawiri imayendera pulogalamu yaikulu ya Windows, macOS kapena Linux. Ili ndi kiyibodi yakeyake, choncho imathandiza kwambiri munthu wolemba zinthu zazitali kapena wotsegula mapulogalamu angapo nthawi imodzi. Foni yamakono, monga iPhone imene inatuluka mu 2007 ndiponso mafoni a Android amene anayamba kugulitsidwa mu 2008, inapangidwa kuti izikhala yoyaka tsiku lonse, ili yolumikizidwa ku netiweki kudzera pa simu khadi.

Tabuleti ndiyo imasokoneza anthu. Pamene iPad inabwera mu 2010, inali ngati foni yokulitsidwa, yabwino powerenga ndi poonera mavidiyo. Masiku ano ena amailumikiza ku kiyibodi, pomwe Surface Pro ya Microsoft, imene imaoneka ngati tabuleti, imayendera Windows yeniyeni. Apa maonekedwe angathe kupusitsa wogula, ndipo ndimalangiza ndi mtima wonse kuti munthu ayambe wafufuza ngati mapulogalamu amene amadalira angagwire ntchito pa chipangizocho.

Chowerengera mabuku monga Kindle chili m'gulu lakelake, popeza sikirini yake ya E Ink, yomwe imaoneka ngati pepala, imadya moto makamaka potembenuza tsamba, n'chifukwa chake batire lake limakhala milungu ingapo lisanathe. Mawotchi amakono ambiri amadalira foni kudzera pa Bluetooth, moti paokha sachita zambiri.