Adyo wanga anathera m'madzi

Sabata yonse yathayi manja anga akhala akununkha adyo, mpaka mnzanga wogona naye chipinda anafunsa ngati ndatsegula lesitilanti. Ayi ndithu, ndi nsomba.

Pa phunziro la matenda a nsomba tinafika pa mutu wa zitsamba zomwe anthu amasakaniza m'chakudya cha nsomba zoweta: adyo, jinja, nimu, cham'mwamba. Poyamba ndinkangoti ndi using'anga wovala jasi loyera. Koma gwero lake n'lomveka: anthu akufuna zolowa m'malo mwa mankhwala opha mabakiteriya. Mankhwala opha mabakiteriya akamathiridwa mwachisawawa, tizilombo timawazolowera n'kusiya kuwamva. N'chifukwa chake mu 2006 mayiko a European Union analetsa kuika mankhwala otere m'chakudya cha ziweto pongofuna kuti zikule msanga.

Chimene chinanditsegula maso ndi chakuti nsomba imadalira kwambiri chitetezo chobadwa nacho. Kuterera kuja kumene timakutsuka ndi phulusa pokonza mlamba ndi linga lake. Muli lysozyme, amene amaswa khungu la mabakiteriya ena. Zitsambazi akuti zimadzutsa chitetezo chimenechi, kuti nsomba ikakumana ndi bakiteriya wotchedwa Aeromonas hydrophila isagwe msanga.

Mphamvu ya adyo ili mu mankhwala achilengedwe otchedwa allicin, amene anapezeka mu 1944. Mu adyo wathunthu mulibe; amapangika adyo akaphwanyidwa, ndipo sachedwa kutha, makamaka akatenthedwa. Izi ndinaziwerenga, ndinazilemba m'kope, ndinazidula mzere kunsi. Kenako nditapita kumudzi ndinasinja adyo mumtondo, ndinasakaniza ndi madeya, ndinayanika pa lata dzuwa lili pamutu. Mawa lake ndinawaza pa dziwe la amalume. Madeya anamwazikana pamadzi, timaufa ta adyo n'kutsalira m'mphepete mwa udzu. Makumba anatola madeya awo monga mwa masiku onse. Amalume anangoti, “Mphwanga, ndiye sukulu yakeyo?”

Ndinalakwitsa pawiri: kutentha, komanso kusowa chomatira. Pamafunika kaphala ka ufa wa chinangwa kuti zonse zigwirane, n'kuumba timibulu, n'kuumitsa pamthunzi. Muyeso nawo ndi nkhani. Cham'mwamba chikachuluka nsomba zimachedwa kukula, chifukwa masamba ake ali ndi saponin ndi tannin, zomwe zimasokoneza kudya ndi kugaya chakudya.

Pali chinanso chomwe sichikundipatsa mtendere. Zambiri zomwe ndawerenga zinayesedwa pa chambo cha ku Nile, m'mathanki a madzi oyera, chakudya chake choyezedwa pa sikelo. Ife timaweta makumba ndi chilunguni m'maiwe a dothi, ndowe za nkhuku ndi madeya basi.

Komanso si matenda onse oyamba ndi mabakiteriya. Matenda a zilonda a EUS, omwe anabuka ku Mchinji mu 2020, amayamba ndi Aphanomyces invadans, kachilombo kokhala ngati nkhungu, ndipo amakonda nyengo yozizira. Pamenepo chothandiza ndi laimu m'dziwe, kusabwerekana makoka, ndi kusatenga mbewu ya nsomba kumalo komwe kwagwa matenda. Mlimi wa kumeneko sindingamuuze kuti asinje adyo.

Timibulu tatsopano ndaumba dzulo, tili pa lichero kuseri kwa chitseko. Loweruka ndibwerera kwa amalume, ndipo ulendo uno ndakonza zogawa dziwe pakati ndi neti, mbali ina adyo, mbali ina madeya okhaokha.