Lachiwiri pagalaja: Hilux ya 3L yonjenjemera ikaima

7 koloko isanakwane kwalowa Hilux yakale ya injini ya 3L, ija ya malita 2.8 yopanda turbo. Ikaima injini ikulira, imanjenjemera mpaka chiwongolero ndi ndodo ya giya, koma ukaponda mafuta imakhala ngati yachira. "Achimwene, ingokwezani sikuluwu ya pampu basi," atero eni ake. Sitinaikhudze. Kukweza idling, liwiro la injini galimoto ikaima, kumangophimba matenda, ndipo pampu yotumiza dizilo m'masilinda ndi chinthu chomaliza kuchikayikira chifukwa ndiye chodula kwambiri.

Tailiza ili yozizira n'kuyang'ana kumbuyo. Utsi woyererako, wonunkha dizilo wosapsa, wowawa m'maso. Vuto likanakhala la ma heater plug, aja amatenthetsa m'masilinda poliza injini yozizira, kunjenjemerako kukanatha pakangopita mphindi imodzi kapena ziwiri, koma injini yatentha ikugwedezekabe. Ma mounting, malabala omwe injini imakhalapo, onse ndi abwino.

Ndiye tapita ku mafuta. Pakati pa fyuluta ndi pampu taikapo kapaipi koonekera mkati, ndipo timathovu tikungodutsa mondondozana. Apa m'pamene ambiri amasokonekera, amafunafuna pomwe dizilo akudontha osapapeza. Pa 3L mulibe pampu m'thanki, pampu ya injini ndiyo imadzikokera yokha mafuta. Choncho paipi ikang'ambika pakati pa thanki ndi pampu sitaya dizilo, imamwa mpweya. Kapampu kopopa ndi dzanja kapamwamba pa fyuluta kamayenera kulimba ukakapopa kangapo, koma aka kamangofewa, labala yake yamkati yatha. Paipi yochokera kuthanki nayo yang'aluka pansi penipeni pa kilampu. Titamasula kokhetsera madzi pansi pa fyuluta, patuluka madzi pafupifupi theka la kapu osakanikirana ndi dzimbiri. Dizilo wa m'zigubu, uja anthu amagula m'mbali mwa msewu mafuta akasowa, amasiya zimenezi. Tasintha fyuluta ndi mutu wake, tadula paipi pong'alukapo, tapopa mpaka thovu latha.

Kunjenjemera kwachepa, koma khutu likumvabe kuti silinda imodzi ikutsimphina. Ndi sipanala ya 17 tamasula pang'ono nati ya paipi ya injekita (kachipangizo kopemerera dizilo m'silinda) iliyonse, imodziimodzi, injini ikulira, titaphimba ndi sanza. Pa 1, 2 ndi 4 injini imafuna kuzima. Pa 3 palibe chasintha, kutanthauza kuti silinda imeneyo simagwira ntchito ndi kale.

Koma zimenezi sizinena ngati yolakwa ndi injekita kapena silinda yeniyeniyo. Tasinthanitsa injekita ya 3 ndi ya 2, ndipo vuto lasamukira ku 2. Nkhani yabwino kwa eni galimoto. Likanatsalira pa 3 tikanayeza compression, mphamvu yopanikiza mpweya m'silinda, yomwe pa injini iyi imayenera kufika 32 kg/cm², isatsike pansi pa 20, ndipo masilinda asasiyane kupitirira 5.

Masana taika mainjekita onse anayi pa tesita, makina oyezera. Nozulo, yomwe ndi nsonga ya injekita, ikakhala yoti yagwirapo ntchito iyenera kutseguka pakati pa 145 ndi 155 kg/cm², ikupemerera ngati nkhungu, n'kutseka osasiya dontho. Yodwalayo imatseguka pa 120 ikuchucha ngati mpopi wosatsekeka bwino, singano yake yadyedwa ndi madzi aja. Chonde, poyeza musaike dzanja pansi pa nozulo. Dizilo wa mphamvu chonchi amaboola khungu n'kulowa m'mnofu, ndipo chala chimatha kudulidwa.

Zitatu zinazo zinali pamalire penipeni, zitatsala pang'ono kulephera, choncho tasintha zonse zinayi ndi mawasha atsopano. Washa wakale akabwezedwa amatulutsa mpweya wamoto womwe umawotcha nsonga ya nozulo yatsopano. Titamanga, injini yakhazikika cha pa 700 rpm, sikuluwu ija isanakhudzidwe.

Galimoto yagona pompano. Mawa m'mawa, ili yozizira, tiyeza mipata ya mavavu, 0.20 mpaka 0.30 mm olowetsa mpweya, 0.40 mpaka 0.50 mm otulutsa utsi, kenako tiona ngati dizilo sanabwerere kuthanki usiku. Thankiyo nayo iyenera kutsitsidwa n'kutsukidwa, apo ayi madzi otsalawo adya nozulo zatsopanozi.